Usapukute Mboni

MUTU 6

1. Mtsikana wa nsanza m'thumba

Kukanakhala mpikisano wopukuta zinthu, mtsikana ameneyu akanamabwera ndi chikho chaka ndi chaka. Kunyumba ankapukuta nsapato za aliyense, ngakhale za mlendo wongodutsa. Ku wekishopu kumene ankaphunzira kukonza makina, sipanala iliyonse yodutsa m'manja mwake inkabwerera m'bokosi ikuwala ngati yogula kumene. M'thumba lakumbuyo la ovolosi yake simunkasowa kansanza kofiira, choncho anzake sanavutike kumufunira dzina. Anangoti Kansanza.

Iye analibe nazo ntchito. "Mtima suvala nsanza," ankawayankha motero. "Sekani lero, mawa muzidzanditchula kuti abwana injiniya."

M'nyumba mwawo ovala ovolosi anali atatu. Bambo ake ankayendetsa tebaini ku fakitale ina yaikulu. Tebaini ndi makina ozungulira ndi mphamvu ya nthunzi, amene amapanga magetsi a fakitale yonse. Achimwene ake anali mmisiri womanga makina ku wekishopu komwe Kansanza ankaphunzira. Wachitatu anali iye mwini.

M'mawa umenewo onse anali patebulo kumwa tiyi. Chitsiriza wa m'nyumbamo ankavutika kugwira kapu, poti mkono wake unali mu pulasitala. Anathyoka atagwa mumtengo masabata atatu apitawo, ndipo namwino analemba tsikulo pa pulasitalapo ndi inki yakuda: Lachiwiri, pa 9. Bambo ankakonda kufotokoza za tsikulo kwa aliyense wobwera kudzazonda.

"Mwayi wake foni inandipeza makina atangozima okha," ankatero. "Ndinangoti chitsulo chidikire, mwana sadikira. Ndinafika kuchipatala ndili mu ovolosi."

Koma lero bambo sanaibwereze nkhaniyo. Ankangoyang'ana m'kapu. Achimwene nawo tiyi wawo anazizira osamukhudza.

Chifukwa chake chinali chodziwika. Tebaini ya ku fakitale ija inali ikubwerera ku wekishopu. Inali itayamba kutaya nthunzi ndi kufooka mphamvu, patangotha miyezi inayi chikonzereni. Amene anamanga zotsekera nthunzi zake anali achimwenewo. Mwini wekishopu anali atanena poyera kuti vuto likapezeka kuti ndi kamangidwe, womangayo atenge chikwama chake aone msewu. Ndipo alamu ake a Kansanza anali oyembekezera, mwezi wawo uli pafupi.

2. Mano osaluma

Pofika 9 koloko, kireni yonyamulira zolemera inali itatsitsa mtima wa tebaini pa zitsulo zoimikira, pakati pa wekishopu. Unali shafiti, ndodo yaitali yachitsulo yokhala ndi magudumu asanu. Pambali anayala mikombero yachitsulo yotsekera nthunzi ija, uliwonse wogawika pawiri, theka lapamwamba ndi theka lapansi. Zonsezo zinali bii ndi mwaye, kwina mizere yoyera ngati mchere wouma.

Kansanza atangoona litsirolo, dzanja lake linapita lokha kuthumba.

"Dzanja limenelo libwerere kumene lachokera."

Anali a Chikhadabo, mkulu woyeza makina. Anali atagwira ntchitoyi zaka makumi anayi. Dzinali analipeza chifukwa cha chikhadabo chachitali cha chala chawo chamkombaphala, chimene ankakanda nacho chitsulo n'kumva ming'alu yoti ena saiona ngakhale ndi galasi. Anyamata ankanena kuti boma liyenera kuchilembetsa ngati chida.

Anakodola Kansanza n'kumuonetsa m'mphepete mwa gudumu limodzi. Panali timizere tachitsulo topyapyala, tozungulira gudumu lonse, tondondozana ngati mano a chipeso.

"Awa timawatcha mano," anatero. "Gudumu limazungulira, mkombero uwu umangokhala duu kulizinga. Pakati pa mano ndi mkombero pamatsala kampata kochepa, kongolowa mapepala atatu. Nthunzi ikafuna kuthawa, imapanikizika pa dzino loyamba, n'kutopa. Ipanikizikenso pa lachiwiri, itopenso. Pofika pa lomaliza yatheratu mphamvu. Waona nzeru yake? Chotsekera ichi chimatseka popanda kukhudza."

"Nanga bwanji osangotseka kampatako, nthunzi isowe podutsa?" anafunsa Kansanza.

"Funso limenelo ndinafunsa ine ndili ngati iwe, anandiseka sabata yathunthu. Ukatseka, zitsulo zikhulana, zitenthe, mano adyeke. Mano akadyeka mpata ukula, nthunzi idutse ngati pamsewu. N'zimene zachitika apa. China chake chinachititsa kuti mano akhule mkombero. Ntchito yathu lero ndi kudziwa chinthu chimenecho."

Kenaka anatenga choko n'kujambula mzere pansi, kuzungulira zitsulo zonse. Amisiri akale anasuntha okha osauzidwa. Unali mwambo wa pa wekishopupo: choko chikazungulira, nsanza, bulashi ndi palafini zimatsalira kunja.

"Tamvera, mwanawe, ndipo umvetsetse," anatero a Chikhadabo. "Ukhondo ndi wabwino, ine sindikana. Koma makina akafa, litsiro lake ndi mboni. Mzere woyerawu ukundiuza kumene nthunzi inadutsa. Pamene padapa pakundiuza pamene zitsulo zinakhulana. Mtundu uwu wobiriwira ukundiuza pamene panatentha. Chitsulo chilibe pakamwa, chimalemba kalata yake ndi litsiro, ndipo chimalemba kamodzi kokha. Wopukuta asanawerenge ali ngati munthu wong'amba kalata ya maliro chifukwa envelopu yada. Ndinaona mmisiri wabwino akuchotsedwa ntchito pa mlandu wosakhala wake, chifukwa mnzake womufunira zabwino anatsuka chitsulo kuti abwana asaone manyazi. Anatsuka ndi umboni womwe. Pepani anachuluka, koma pepani sapoletsa chilonda."

"Ndamva, agogo."

"Injiniya wa ku fakitale afika 2 koloko. Tidzawerengera limodzi, kuti pasakhale wonena kuti tabisa kanthu. Iwe ndiwe wa manja osamala. Ndiwe wekha ulowe mumzeremu, umangirire manambala pa chitsulo chilichonse."

Kansanza anayenda ngati wakwezedwa pantchito. Manambala ake anawalemba mokongola, moti mnzake wina anafunsa ngati akukonzekera ukwati wa zitsulozo.

3. Pempho la achimwene

Nthawi ya chakudya chamasana anthu onse anatuluka. Kansanza anapita m'kachipinda kosungira zida kukabweza waya. Anapeza achimwene ake atakhala pa bokosi, manja ali m'mutu.

"Tseka chitseko," anatero.

Kansanza anatseka.

"Waona theka lapansi la mkombero wa nambala 3?"

"Ndaona. Lada kwambiri."

"Lada chifukwa lakhulika. Ndiye kuti ndinaukhazika mopendekeka. Ndinayeza kawiri, ndikulumbira, koma munthu ndi munthu. Mdala uja akangoika chikhadabo chake pamenepo, ine kwanga kwatha."

"Ndiye mukufuna nditani, achimwene?"

Achimwene anatulutsa kabotolo ka palafini ndi kachidutswa ka sandipepa wosalala. Anaziika pa shelefu osamuyang'ana kumaso.

"Mphindi khumi zokha. Aliyense pano amadziwa kuti iwe sungaone litsiro n'kulisiya. Ukapukuta, angokukalipira, ati mwana sanadziwe. Mawa aiwala. Koma ine akandigwira ndi ntchito yomwe yapita. Alamu ako ndiwauza chiyani?"

"A Chikhadabo anena kuti litsiro ndi mboni."

"Eya, mboni yondipachika ine! Mchemwali wanga, unayamba kugwira sipanala ndani akukuphunzitsa? Pano anakulankhulira ndani kuti akulandire? Chibale ndi fupa, sichiola. Sindinakupemphepo kanthu chibadwire."

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka Kansanza. Ankawakonda achimwene akewo. Sanawaonepo akuchita mantha, ndipo kuwaona choncho kunamumvetsa chisoni kwambiri. Anatenga botolo ndi sandipepa n'kutuluka.

4. Malo owala

Mu wekishopu munali zii. Kansanza anadumpha mzere wa choko n'kugwada pafupi ndi mkombero wa nambala 3. M'kati mwake munali mzere wakuda, wopyapyala ngati ulusi, wotsata kupindika kwa chitsulocho.

Ananyowetsa kansanza kake. Anapukuta, n'kudutsitsa sandipepa, n'kupukutanso. Manja ake ankaidziwa ntchito imeneyi kuposa ina iliyonse. Posakhalitsa malo aakulu ngati chikhatho anali mbee, akuwala.

Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone, monga ankachitira nthawi zonse akamaliza kupukuta.

Mzere wakuda uja unkabwera bwinobwino kuchokera kumanzere. Pofika pamalo owala unangoduka. Kutsogolo unayambiranso n'kupitirira. Zinali ngati munthu akulankhula, wina n'kumutseka pakamwa pakati pa mawu.

Aka kanali koyamba kuti Kansanza aone chitsulo chowala n'kunyansidwa nacho. Anachita manyazi ngakhale panalibe womuona.

Anatseka botolo. Anadumphanso choko n'kubwerera m'kachipinda kaja.

"Wamaliza?" anafunsa achimwene.

"Ndayamba, koma sindimaliza. Tengani zinthu zanu."

"Iwe, wapenga? Theka la ntchito ndiye loipa koposa!"

"Mwina. Koma inu munati munayeza kawiri. Ine ndikukhulupirira kuyeza kwanu kuposa mantha anu. Ngati munalakwitsa, tikamve kuti munalakwitsa pati. Ngati simunalakwitse, ndiye mukundipukutitsa chiyani?"

Achimwene anatsegula pakamwa, koma kunja kunamveka galimoto ikuima.

5. A Chikhadabo awerenga

Injiniya wa ku fakitale anali mayi wamtali, wa chipewa cholimba choyera, wosataya nthawi ndi malonje. Mwini wekishopu ankamutsatira pambuyo akupukuta thukuta. Amisiri onse anaima kunja kwa choko.

A Chikhadabo sanafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anauza anyamata awiri kuti anyamule matheka awiri a mkombero wa nambala 3 n'kuwalumikiza patebulo, kuti ukhale wathunthu. Anaika chikhadabo pa mzere wakuda n'kuyamba kuulondola pang'onopang'ono. Kenaka chala chinaima.

"Pano padutsa nsanza."

Wekishopu yonse inatembenukira kwa munthu mmodzi. Wina anayamba kuseka, koma anaona nkhope ya mkuluyo n'kumeza kuseka kwake.

"Ndine, agogo," anatero Kansanza.

"Unaiwala zimene ndinakuuza? Dzanja linangopita lokha, monga mwa chizolowezi chako?"

Khomo lothawira linali limenelo, lotsegula bwino, ndipo aliyense akanakhulupirira. Kansanza analiona, koma sanalowemo.

"Ayi, sindinaiwale. Ndinapukuta ndikudziwa. Ndinkafuna kufufuta mzere wonsewo, koma ndinalekera panjira."

"Anakutuma ndani?"

Kansanza anayang'ana malo owala aja. Bodza anali atalikana, koma kutchula mbale wake pagulu kunamukanika. Kunja kwa choko kunamveka kukhosomola.

"Ndinamutuma ndine," anatero achimwene, akubwera kutsogolo. "Mkomberowo ndinamanga ndine. Ndinaopa."

"Basi, nkhani yatha," anatero injiniya. "Munthu wosalakwa sabisa. Mwamanga molakwika, ndipo mumafuna kutiphimba m'maso."

"Dikirani, mayi," anatero a Chikhadabo. "Awa alankhula, inu mwalankhula. Chitsulo sichinalankhule."

Anadumpha malo owalawo n'kupitiriza kulondola mzere. Chala chinayenda theka lonse lapansi, chinakwera theka lapamwamba, mpaka chinabwerera pamene chinayambira. Anachita chimodzimodzi ndi mikombero ina, ndipo monsemo mzere unali wozungulira. Kenaka anapita pa shafiti n'kuuza anyamata kuti aizungulize pang'onopang'ono. Anayatsa tochi pa mano a gudumu. Mbali imodzi mano anali odyeka ndi obiriwira chifukwa cha kupsa. Mbali inayo anali akuthwa ngati atsopano. Magudumu onse asanu anapsa mbali imodzi yomweyo.

"Bwerani muone nonse, sukulu yake ndi yomweyi," anatero. "Mmisiri akakhazika mkombero mopendekeka, mkomberowo umakhulika malo amodzi okha, pamene wayandikira. Koma mano a gudumu amadyeka kuzungulira konse, chifukwa dzino lililonse limadutsa pamalo pamenepo. Apa zatembenuka. Mkombero wakhulika kuzungulira konse, mano adyeka mbali imodzi. Ndiye kuti mkombero unali pamalo pake. Chimene chinapindika ndi shafiti, ndipo mbali yotundumukayo inkayenda ikukanda ponseponse."

"Shafiti tinaiyeza tisanabwere nayo," anatero injiniya. "Ndi yowongoka."

"Lero ndi yowongoka, inde. Tebaini ikazima ili yotentha, pamafunika munthu woizunguliza pang'onopang'ono kwa maola angapo mpaka izizire mofanana. Ukaisiya itangoima, pansi pamazizira msanga, pamwamba n'kukhalabe potentha, shafiti n'kupindika ngati thabwa losiyidwa padzuwa. Ukailiza ili choncho, mano amatha m'mphindi zochepa. Ikadzazizira imawongoka yokha, n'kukhala phee ngati sinalakwepo. Chotsala ndi kalata iyi basi."

Injiniya anawerama, anayang'ana mano, anayang'ana mzere. Anali munthu wokonda zoona kuposa kupambana mkangano.

"Mukunena zoona," anatero. "Kamangidwe kalibe vuto."

Achimwene anakhala pa bokosi la zida. A Chikhadabo anawayandikira.

"Mnyamata iwe, unaona theka limodzi n'kudziweruza wekha. Mlongo wako akanakumvera mpaka kumapeto, akanapukuta mkombero uwu, kenaka mantha akanakutumani pa winawo, ndi winawo. Bwenzi pano tili ndi zitsulo zowala ndi iwe wopanda ntchito. Mboni imene umafuna kuipha ndi imene yakupulumutsa. Mantha ndi mmisiri woipa, amamanga mlandu pamene palibe. Ndipo usadzabwerezenso kusenzetsa mwana katundu amene wakulemera iwe. Chibale si nsanza yopukutira zolakwa."

Kenaka anatembenukira kwa Kansanza n'kutambasula dzanja. "Bweretsa."

Kansanza anapereka kansanza kofiira kaja. A Chikhadabo anakakoleka pa msomali pamwamba pa tebulo lawo.

"Kakhala pamenepo mwezi wathunthu. Chilango chako n'chimenecho. Mwezi umenewu uziyenda ndi ine, uphunzire kuwerenga usanafufute. Unalakwa kuyamba, koma unadziwa kuleka, ndipo sunabisale kumbuyo kwa dzina lako. Amisiri ambiri amakalamba asanaphunzire zimenezo."

Mwini wekishopu anauza achimwene kuti ntchito yawo ilipo, koma kalata yochenjeza ailandira. Achimwene anavomera ndi manja awiri. Kansanza anamva mtima wake kupepuka, ndipo akanatha kuvina pomwepo.

6. Lachiwiri, pa 9

Injiniya anali atapita pakhomo kukaimba foni. Anabwerera akulemba m'kabuku kake.

"Chikonzereni, tebaini imeneyi inazima kamodzi kokha," anatero. "Madzi anachepa mu boyila yopangira nthunzi, tebaini inazima yokha masana, ndipo inalizidwanso patatha maola atatu. Linali Lachiwiri, pa 9. Mawa m'mawa nditsegula buku la oyendetsa makina, ndione amene anali pantchito, ndi chifukwa chake sanaizungulize. A Chikhadabo, mubwere mudzafotokoze zimene mwationetsazi. Mubwere ndi mtsikanayu, ali ndi maso."

Kansanza anayang'ana achimwene ake. Achimwene anali atamuyang'ana kale. Tsiku limenelo ankaliwerenga m'mawa uliwonse patebulo la tiyi, lolembedwa ndi inki yakuda pa mkono wa chitsiriza.

Poweruka anayenda limodzi mpaka pa mphambano ya kwawo. Dzuwa linali lisanalowe.

"Khoswe wakhala pa mkhate," anatero achimwene motsitsa mawu. "Titani, mchemwali?"

"Mawa buku litsegulidwa, ife tifune tisafune. Ndi bwino akamve kwa ife lero kusiyana n'kukamva kwa abwana awo pagulu."

Anapeza bambo atakhala pakhonde. Anali atabwerako msanga, ndipo ankachita chinthu chimene Kansanza anali asanawaonepo akuchita: ankapukuta okha nsapato zawo zakuntchito. Chitsiriza anawatsamira pabondo, akujambula galimoto pa pulasitala wake.

Bambo anayang'ana mwana wawo wamwamuna kaye. "Ntchito ilipo?"

"Ilipo, ababa."

Bambo anapuma mpweya wautali, ndipo chimwemwe chawo chinali chenicheni. Kenaka anayang'ana Kansanza, n'kuyang'ananso nsapato.

"Nanga mdala uja wawerenga kuti chiyani?"

Dzanja la Kansanza linapita kuthumba lakumbuyo, monga linkachitira nthawi zonse zinthu zikavuta. M'thumbamo munalibe kanthu. Anauza chitsiriza kuti akatunge madzi akumwa m'nyumba, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi bambo ake.

"Ababa," anatero, "shafiti inapindika. Tsiku lija munathamangira kuchipatala, munasiya ndani akuizunguliza?"

Bulashi inaima pa nsapato.